Katoni ya Pansi pa Shelefu

"Ndikufunsa kachitatu tsopano, alamu. Chitini ichi chafika bwanji kuchipinda kwa bambo?"

Telala anachiika patebulo la kukhitchini. Chinali chitini cha nsomba, chotupa mbali zonse ziwiri moti chimakanika kukhazikika. Anachipeza akusesa pansi pa bedi la bambo ake, pamodzi ndi zinzake zinayi komanso paketi ya mkaka wa ufa wogwirana ngati dothi louma. Bambowo anali atangotuluka m'chipatala dzana lake, kachiwiri pa miyezi iwiri, vuto lake lomwelo la kusanza ndi kutsekula m'mimba. Namwino sanabise mawu. Anati akadzabweranso kachitatu thupi litauma chonchi, impso zawo sizidzapirira.

Mlamu wake sanatembenuke n'komwe. Anthu a mumsewu umenewo ankamutcha Makiyi chifukwa mtolo wa makiyi sunkachoka m'chiuno mwake, ngakhale popita kukasamba. Anapitiriza kupukuta mbale yomwe inali youma kale.

"Chafika ndi miyendo," anatero. "Zitini za masiku ano zimayenda."

"Musandiseke. Deti yake mwaiona? Inadutsa chaka chatha. Munthu wosaona mukumupatsa zinthu ngati izi?"

"Mwandiona ndikuwapatsa?"

"M'nyumba muno chakudya chimatuluka popanda inu kudziwa? Ngakhale supuni ya shuga mumaimva ikamachoka."

Apa Makiyi anaika mbale pansi. Anasankha kiyi wamng'ono pamtolo uja n'kutsekula kasitolo ka kuseri kwa khitchini, monyadira ngati akuonetsa alendo mwana wakhanda. Munali mashelefu asanu kuyambira pansi mpaka kudenga. Zitini zinali zitandandalikidwa mizeremizere, chilichonse chili ndi deti yolembedwa pachivundikiro ndi cholembera chakuda, manambala akuluakulu. Pansi panali ndowa za mpunga ndi shuga, mabotolo a mafuta ataima pakona. Nyumba ya anthu asanu inkagula ngati ya anthu makumi atatu, kuopa njala yomwe inali isanagogodepo pageti lawo chiyambire.

"Taonani bwino, alamu, poti inu kwanu mumasunga mchere m'kapu. Chatsopano chimapita kumbuyo, chakale chimabwera kutsogolo. Loweruka lililonse ndimatsitsa shelefu imodzi, kupukuta, kuwerenga madeti. Chomwe chatsala ndi mwezi umodzi ndimachiika pakatipa kuti tidye msanga. Chomwe chapitirira chimalowa umu." Analoza ndi phazi katoni yomwe inali pansi pa shelefu yomaliza. "Umu ndi mwa zotaya."

"Ndiye zotayazo mukutayira m'mimba mwa bambo anga?"

"Ine ntchito yanga imathera pakatonipo. Amene anandiphunzitsa zonsezi ndi bambo anu omwewo, maso asanachite ng'ala. Zaka makumi atatu akusunga katundu wa kampani. Kawafunseni ngati ndinasokonezapo shelefu."

Telala anamuyang'ana mayiyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi ndipo anamva kunyansidwa. Munthu wodziwa tsiku lomwe botolo lililonse la mafuta lidzaonongeke, koma wosadziwa kuti apongozi ake adya chiyani m'mawa.

Galimoto inalira panja. Analowa mlongo wake wa Telala, wamkulu, mwini nyumba, yemwe aliyense ankamutcha Bwana chifukwa tayi ankamanga ndi Loweruka lomwe. Anamvetsera nkhani yonse akugwedeza mutu mwachisoni, chisoni chooneka kuti anachizolowera kumisonkhano ya kuofesi. Ananyamula chitini chija ndi zala ziwiri.

"Zoopsa izi," anatero. "Mayi a ana, tiyeni tizisamala. Iwe mlongo wanga, usadandaule, nkhaniyi ndaitenga ine. Sizichitikanso. Koma uzitsitsa mawu, makomawa ndi opyapyala."

Makiyi anamuyang'ana mwamuna wake kanthawi, n'kutseka kasitolo kaja.

Chipinda cha bambo chinali kuseri kwa nyumba, komwe kale ankasungirako makasu ndi matayala akutha. Munali bedi, mpando umodzi, wailesi ndi ketulo yamagetsi. Masana ankawabweretsera mbale kuchokera kukhitchini. M'mawa ndi madzulo ankadzionera okha, poti Bwana anati mdala azikhala ndi zakezake pafupi, asamavutike kudikira anthu. Chilungamo chake n'chakuti bambowo ankataya chakudya patebulo, ndipo nsalu ya patebulopo inali yodula.

Lachiwiri lake Telala anatseka shopu yake yosokera masana n'kubwera ndi jumbo yodzaza. Anagula zitini ziwiri za mkaka, zinayi za nsomba, zitatu za nyemba ndi paketi ya ufa wa phala, zonse zatsopano. Asananyamuke anatenga choko cha buluu chomwe amalembera nsalu n'kuika kamtanda pansi pa chilichonse. Telala sankamukhulupirira mlamu wake ngakhale pang'ono.

"Wadzivutitsiranji, mwana wanga?" anatero bambo ake, akupapasa zitinizo chimodzichimodzi. Chala chawo chachikulu chinkadina pakati pa chivundikiro chilichonse chisanapite pa china.

"Mukudina chiyani, bambo?"

"Chizolowezi cha ntchito. Chitini chabwino chimakhala chete. Ukachidina n'kukuyankha, chimenecho usachitsekule. Izi zonse zili chete."

"Nanga zija ndinapeza pansi pa bedi simunazidine?"

Bambowo anatembenuzira nkhope kuwindo. "Ndi ukalamba, mwana wanga. Mimba ya munthu wokalamba sichedwa kukhumudwa."

"Sindinafunse za mimba. Tiyeni tizikakhala kwanga."

"Kwako ndikagona pati, pamakina osokera? Chipinda chimodzi, iwe ndi nsalu za anthu. Kuno mlongo wako anandimangira denga."

"Anamangira matayala, bambo. Inu munangopeza malo."

"Pakamwa pako mpakuthwa ngati pa malemu mayi ako," anatero akuseka pang'ono. "Usayambane ndi mlongo wako chifukwa cha ine. Ine ndatsala pang'ono, inu muli ndi zaka zambiri zoti muzionana."

Telala anandandalika katunduyo pakashelefu ka pamwamba pa bedi pomwe dzanja lawo likanafikira. Anabwerera kushopu mtima uli m'malo, poganiza kuti kwa milungu iwiri bambo ake adya zabwino.

Sabata imeneyo anapanikizika ndi mayunifolomu a sukulu, moti anabweranso Loweruka la sabata yotsatira. Anawapeza bambo ake atagona masanasana, milomo itauma, ndowa ili pafupi ndi bedi. Anati angotopa. Pakashelefu paja zitini zinalipo, chiwerengero chake chomwecho, koma sizinali zija. Zina zinali ndi dzimbiri m'mphepete. Pazivundikiro panali poyera mbee, wina atafufuta manambala onse, olembedwa ndi cholembera ndi osindikizidwa omwe. Anazitembenuza zonse ndipo sanapezepo kamtanda ngakhale kamodzi.

Kasitolo anakapeza kotsekula, Makiyi ali pampando akupukuta shelefu yachitatu. Telala sanapereke moni. Analowetsa dzanja kumbuyo kwenikweni kwa mzere wa mkaka n'kutulutsa chitini. Pansi pake panali kamtanda ka buluu. Kumzere wa nsomba n'chimodzimodzi, kwa nyemba n'chimodzimodzi. Chilichonse chinali chitalembedwa kale deti ndi dzanja laukhondo la Makiyi, chikudikira nthawi yake chaka chamawa.

"Manyazi mulibe, alamu? Kuba chakudya cha munthu wodwala?"

"Mawu amenewo muwasunge, muwafuna posachedwa," anatero Makiyi osatsika pampando. "Ine ndinazipeza pashelefu yapakati Lachitatu m'mawa. Zatsopano zimapita kumbuyo, ndiye ndinazilemba n'kuziika kumbuyo."

"Osafunsa kuti zachokera kuti?"

"Ndinadziwa kumene zachokera."

"Ndiye munakhala chete?"

"Alamu, kasitolo kano kali ndi makiyi awiri. Wina ndi uyu. Winayo sali m'chiuno mwanga." Anafinya kansalu kake m'beseni. "Zaka khumi ndi zisanu mwakhala mukundiyang'ana ngati mfiti ya pabanja panu. Ndinazolowera. Katoni iyi ndimaidzaza ine, inde. Koma sindinainyamulepo kupita nayo kuseri, ndipo kudzala sinafikeko chiyambire chaka chatha."

"Mukufuna kunena kuti achimwene?"

"Sindikufuna kunena kanthu. Ine ndili ndi ana awiri m'nyumba muno ndipo ndikufuna kukhalamobe."

Telala anatuluka. Anasonkhanitsa zitini zofufutidwa zija m'jumbo, anawaphikira bambo ake phala la ufa womwe anaulanda m'kasitolo, anawamwetsa madzi a mchere ndi shuga mpaka dzuwa kupendeka. Njira yonse yobwerera ankadziuza kuti mayi uja ndi wabodza, akungofuna kupaka mnzake matope. Pajatu Bwana ndi amene anamugulira makina oyamba osokera. Komabe mawu a makiyi awiri aja anakana kuchoka m'mutu mwake.

Lamulungu Telala anakhala ndi bambo ake tsiku lonse, Bwana atapita ndi banja lake kokacheza. Lolemba anafika m'mamawa, nthawi yomwe anthu amakonzekera kupita kuntchito, kuti awatengere bambo kuchipatala akawaonenso. Analowera khomo la kukhitchini. Chitseko cha kasitolo chinali chotsekula pang'ono ndipo munkamveka fungo la sipiriti.

Bwana anali atanjuta pafupi ndi katoni ija, tayi ataiponyera paphewa kuti isade. Kudzanja lina anali ndi thonje, kwina chitini cha nyemba, akupukuta chivundikiro mofatsa ndi mosamala, lilime lili panja pang'ono ngati mwana wolemba mayeso. Pambali pake panali zitatu zomaliza kale.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

Chitini chinagwa n'kugubuduka mpaka kumapazi a Telala. Bwana anaimirira, anakonza tayi, ndipo nkhope ya kuofesi ija inabwerera pamalo pake mwachangu chodabwitsa.

"Wabwera m'mawa bwanji? Ndimaona kuti mdala alibe kanthu pashelefu, wina anachotsa zonse."

"Ndinachotsa ndine. Mukufufuta chiyani?"

"Iwe, tamvera. Madeti awa ndi nzeru za amalonda chabe. Amalemba dala kuti anthu tizitaya zabwinobwino n'kukagula zina. Chakudya cha m'chitini sichiwonongeka. Ndinawerengapo zimenezi."

"Ngati deti ndi bodza, mukuifufutiranji?"

"Chifukwa cha anthu ngati iwe, okonda phokoso."

"Chabwino. Tsekulani ichi, tiwaitane ana anu adyere buledi asanapite kusukulu."

"Usalowetsepo ana. Mimba za ana n'zanthete."

"Ya bambo ndi yachitsulo?"

"Mdala sakumvanso kukoma, iwe. Umupatse chatsopano, umupatse chakale, kwa iye n'chimodzimodzi. Ndiye ndizitaya katoni yathunthu mwezi ndi mwezi pamene pali munthu woti angadye? Kumeneko n'kuwononga. M'nyumba mwanga sitiwononga chakudya."

"Nanga zomwe ndinagula ine?"

"Zinalowa pamzere monga china chilichonse. Zidzadyedwa nthawi yake ikakwana. Dongosolo ndi dongosolo."

Telala anafuna kumulavulira. Anaona munthu wamkulu, wophunzira, wa galimoto ndi geti lachitsulo, yemwe pamisonkhano ya abale ankakhala kutsogolo n'kumalangiza anzake za kusamala makolo. Munthu ameneyo ankadzuka m'mawa, kusamba, kudzola mafuta onunkhira, kenako n'kunjuta pansi kufufuta madeti kuti bambo ake omubala adye zinyalala. Mkwiyo unamuthera, kunatsala kunyozera kokhakokha.

"Namwino ananena kuti kachitatu sadzapirira. Munalipo, achimwene. Munagwedeza mutu."

"Anamwino amakokomeza. Ndiponso ndani amawasunga bambowa? Iwe? Umabwera ndi jumbo kamodzi pamwezi n'kumadziona ngati mngelo. Denga ndi langa, magetsi ndi anga, madzi ndi anga."

"Zoona, mwana wanga. Zonse ndi zako."

Onse anatembenuka. Bambo anali ataima pakhomo la khitchini, dzanja lina litagwira khoma, malaya atamanga mabatani mosemphanitsa. Kumbuyo kwawo kunali Makiyi, atapinda manja, akuyang'ana pansi.

"Bambo, mwadzukiranji? Kagoneni," anatero Bwana, mawu atafewa mwadzidzidzi. "Tikungokambirana za ntchito za pakhomo."

"Maso ndi amene anafa, makutu alipo. Nsapato zako ndimazidziwa. Umabwera Lolemba ndi Lachitatu, usanalize galimoto. Umayenda monyang'ama kuti ndisadzuke, koma ine tulo ndinasiya kale. Ukatuluka ndimadina zomwe wasiya. Zotupa kwambiri ndinkabisa pansi pa bedi. Zinazo ndinkadya."

"Munkadyeranji, bambo?" Telala anafunsa, misozi ili m'maso. "Mukudziwa, munkadyeranji?"

"Njala, mwana wanga. Komanso ndinkati ndikakana, ndiye kuti ndanena. Ndikanena, ndiye kuti ndilibe mwana wamwamuna." Anatsamira khoma. "Ndinkaganiza kuti mwina sakudziwa kuopsa kwake. Lero ndamva ndekha kuti akudziwa. Ana ake sangawapatse."

Bwana anayang'ana wotchi yake, ngati kuti pamenepo palembedwa choyankha.

"Iwe," anatero bambo, nkhope italoza komwe kunali Telala, "pamakina paja pali malo okwana mphasa?"

"Bedi ndi lanu, bambo. Pamphasa ndigona ine."

Kulongedza sikunatenge nthawi. Katundu yense wa munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu anakwana m'chikwama chimodzi, wailesi n'kukhala yonyamula pamanja. Makiyi anabwera mwakachetechete ndi jumbo, momwe munali zitini zonse za timitanda ta buluu, naiika pafupi ndi chikwamacho. Telala sanathokoze. Munthu amene anaona zonse kwa chaka chathunthu n'kumangolemba manambala sayenera zikomo chifukwa chobweza za eni ake.

Bwana anawapeza pakhonde la kuseri. Sanagwire chikwama, sanagwire bambo ake dzanja, sanapepese. Nkhawa yomwe inali pankhope pake inali yeniyeni, koma inali ya zina.

"Ngati mwatsimikizadi, chabwino, sindikukanizani. Koma ino ndi nthawi yoipa, msewu wadzaza anthu. Tulukirani kukageti ka kumbuyoku, ine ndizungulira ndi galimoto ndikakupezeni pakona. Anthu akaona chikwama ayamba kufunsa, ndipo mukudziwa m'mene amalankhulira anthu a kuno."

"Galimoto yanu isade, achimwene. Tikwera basi."

"Ndiye kumbuyo komweko n'kwafupi ndi siteji."

Telala anakoleka chikwama paphewa, anapatsa bambo ake mkono, n'kuwatsogolera kudutsa m'mbali mwa nyumba, pamaluwa a Makiyi, mpaka pageti lalikulu lakutsogolo. Analitsekula mbali zonse ziwiri ngakhale kuti mbali imodzi ikanakwanira. Bambowo ankayenda pang'onopang'ono, phazi lililonse kulikoka, ndipo iye sanawafulumizitse.

Msewu unalidi wodzaza. Amayi ogulitsa masamba anali akuyala patebulo lawo, wometa akusesa pakhomo la shopu yake, aphunzitsi a nyumba yoyandikana akutseka geti lawo, mabuku ali kukhwapa. Onse anaimitsa zomwe ankachita. Aphunzitsiwo ndi amene anayandikira.

"Agogo, mwadzuka bwanji? Ulendo wa kuti m'mawa uno, ndi chikwama chomwe?"

Bwana anali atafika pageti, akumwetulira kale, pakamwa patatseguka kuti afotokoze za chipatala. Koma bambo anayankha msanga, mokweza monga amachitira anthu okalamba, moti ndi wometa yemwe anamva.

"Ndadzuka, aphunzitsi. Ndikupita kwa mwana wanga wamkaziyu. Ndikukadya."